Matenda sayambira m'wodi

Dzuwa lisanakwere, amayi afika kale pansi pa mtengo wa mango. Ana ali kumbuyo, mabuku a kuchipatala akulungidwa m'majumbo kuopa thukuta ndi mvula.

Lero ndi tsiku la sikelo.

Mlangizi wa zaumoyo watsamiritsa njinga yake patsinde la mtengo. Sikelo waimangirira kunthambi ndi chingwe. Bokosi la katemera waliika pamthunzi, chifukwa kuno kunyanja dzuwa silichedwa kuwamba.

Mwana woyamba akumulowetsa m'kansalu n'kumupachika. Akulira, miyendo ikupalasa m'malere. Muvi wa sikelo ukunjenjemera, kenako waima. Mlangizi akulemba kadontho patchati, ndipo kadonthoko kagwera m'munsi mwa ka mwezi watha.

Sakuthamangira kupereka mankhwala. Akuzunguliza kalamba pamkono wa mwanayo, kalambako n'kuima pachikasu. Akuyang'ana mayi wake, mawu n'kuwatsitsa kuti anzawo asamve.

Mayi, mwanayu anadya chiyani dzulo? Anatsegula m'mimba? Madzi mukutunga kuti? Neti ilipo? Akugonamo ndani?

Kuno ndi ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota, pa msewu wa M5 pakati pa Nkhotakota boma ndi Dwangwa. Kum'mawa kuli nyanja. Kumadzulo kuli nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Pakati pake pali minda ya chinangwa, madambo a mpunga ndi midzi ya asodzi.

Mafunso asanu amene mlangiziyu wafunsa ndi phunziro lathunthu la kusukulu ya udokotala. Ku Blantyre lili ndi aphunzitsi ake, mabuku ake ndi mayeso ake. Ndi phunziro la zaumoyo wa anthu m'madera ndi kapewedwe ka matenda.

Funso lomwe nkhaniyi ikufunsa ndi ili: phunziro limeneli, kalasi yake yeniyeni ili kuti?

SUKULU YOMWE INAYAMBA NDI MUDZI

Kwa zaka zambiri dziko la Malawi linalibe sukulu yakeyake yophunzitsa madokotala. Mwana wanzeru amene ankafuna udokotala ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri mwa otumizidwawo sanabwerere. Amene anabwerera anapeza kuti matenda omwe anawaphunzira bwino ku Ulaya si omwe akudzaza mawodi kwawo kuno.

Mu 1991 sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre ngati nthambi ya University of Malawi, pafupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chomwe anthu amachitcha kuti Gulupu. Mmodzi mwa anthu omwe anaimenyera nkhondo kuti ikhalepo anali Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amayi. Ophunzira oyamba anali atayambira maphunziro awo ku Britain, ndipo anabwera kudzamalizira kuno. Anatsiriza mu 1992.

Oyambitsa sukuluyi anapanga chisankho chomwe sukulu zambiri zakale za udokotala sizinkapanga. Anaika zaumoyo wa m'madera pamtima pa maphunziro onse, kuyambira chaka choyamba. Anatsegulanso malo ophunzirira ku Mangochi, ndipo chipatala chaching'ono cha Lungwena, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja m'bomalo, chinasanduka malo ophunzitsirako ndi kuchitirako kafukufuku.

Maganizo amenewa sanachokere m'malere. Mu 1978 mayiko anakumana ku Alma-Ata n'kugwirizana kuti umoyo wa anthu onse udzatheka pokhapokha chithandizo choyamba chitafika komwe anthu amakhala, anthuwo atatengapo mbali. Kwa Malawi, mawuwo anali ofotokoza dziko lenileni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi.

Mu 2021 College of Medicine inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Dzina linasintha, koma ngongole yomwe sukuluyi ili nayo kwa anthu akumudzi ikadali yomweyo.

KUGONA PAMPHASA

Mwa zonse zomwe sukuluyi inayambitsa, chomwe madokotala ambiri amachikumbukira ndi pulogalamu yotchedwa Learning by Living. Wophunzira ankachoka mumzinda n'kukakhala m'banja la kumudzi kwa masiku angapo. Ankadya zomwe banjalo likudya, kumwa madzi omwe likumwa, kugona pomwe likugona.

Cholinga chake chinali chimodzi: aone komwe wodwala amachokera.

Wophunzira wotere sayamba ndi choyezera mtima. Amayamba ndi pepala ndi pensulo. Amakalonjera amfumu n'kupempha chilolezo. Amajambula mapu a mudzi: apa pali mjigo, apa pali chitsime, apa pali manda, apa pali tchalitchi, apo pali mzikiti. Amawerenga nyumba, zimbudzi, ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera. Amafunsa amene anamwalira chaka chathachi ndi chomwe anadwala. Akatero amakhala pansi ndi anthu n'kuwafunsa kuti mwa mavuto onsewa, lomwe likuwasowetsa tulo ndi liti.

M'wodi dokotala amayeza munthu mmodzi. Apa amayeza mudzi wonse.

Pafupifupi wophunzira udokotala aliyense padziko lapansi amamva nkhani ya John Snow. Mu 1854 kolera atavuta m'dera lina la London, dokotalayu anayenda khomo ndi khomo kulemba komwe kwachitika maliro. Anapeza kuti ambiri mwa omwalirawo ankatunga madzi pampopi umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mpopiwo.

Nkhaniyi ikafotokozedwa m'kalasi imakoma ngati nthano. Imakhala phunziro pamene wophunzira waima yekha pamjigo wakufa, n'kuona mzere wa amayi ndi ndowa zawo ukulowera kunyanja.

ZOMWE LIWALADZI ANGAPHUNZITSE

Liwaladzi ndi Lungwena akumwa nyanja imodzi. Zomwe wophunzira amakaona ku Mangochi ziliponso kuno, ndipo pali zina zomwe ndi za kunokuno.

Yambani ndi malungo.

M'buku, nkhani yake ndi yachidule. Yezani magazi ndi kachipangizo kotulutsa zotsatira m'mphindi zochepa, akapezeka nawo perekani mankhwala a LA. Dziko lino lakhala likugwiritsa ntchito LA kuyambira 2007, litasiya SP, yemwe analowa m'malo mwa chloroquine mu 1993. Wophunzira aliyense amaziloweza zimenezi.

Koma buku silimuonetsa dambo la mpunga lomwe lili kuseri kwa nyumba, momwe madzi amadikha miyezi yambiri. Silimuonetsa msodzi amene amachezera panyanja ndi nyali, kapena mayi amene amafika padoko kusanache kudikira usipa, nthawi yomwe udzudzu ukali kuluma. Silimuonetsa neti yomwe inaperekedwa kusikelo kuti mwana azigonamo, koma lero ikukokedwa m'madzi osaya kugwirira tinsomba, kapena yatchinga mbande padimba.

Mlendo akaona neti padoko amafulumira kunena kuti anthu ndi osamva. Munthu amene wagona m'mudzimo amadziwa kuti mayi uja wasankha pakati pa malungo a mawa ndi ndiwo za lero. Uphungu wa munthu woteroyo umatuluka mosiyana, ndipo anthu amaumva.

Nkhotakota ilinso ndi phunziro lina lomwe dziko lonse linatengerapo nzeru. Mu 2007 ntchito yopopera mankhwala ophera udzudzu m'makoma a nyumba, mothandizidwa ndi boma la America, inayambira m'boma lino. Patapita zaka zochepa, akatswiri anapeza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles funestus, womwe umafalitsa malungo kwambiri m'mbali mwa nyanja, sunkafanso ndi mankhwala omwe ankagwiritsidwa ntchito. Kupoperako kunaima, n'kudzayambiranso mu 2018 ndi mankhwala ena.

Kupewa matenda si ntchito yogwira kamodzi n'kusamba m'manja. Mdani naye amasintha.

Kenako pali likodzo.

Masana, ana akaweruka kusukulu, amathamangira kumadzi. Amasambira, amachapa, amatsuka mbale. M'madzi odekha a m'mabango mumakhala tinkhono tomwe timasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timalowa pakhungu popanda munthu kumva kanthu. Pakapita nthawi, mwana amayamba kukodza magazi.

M'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja, magazi amenewa akhala akuonedwa ngati chinthu wamba kwa mnyamata amene akukula. Kholo silithamangira kuchipatala ndi chinthu chomwe nalonso linadutsamo. Koma likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa amayi limatha kuyambitsa zilonda m'njira yoberekera zomwe zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mayi wosalakwa amatha kunyozedwa m'banja chifukwa cha matenda omwe anawatenga akuchapa.

Boma limapereka mapiritsi a praziquantel m'sukulu. Mankhwalawa amagwira ntchito, koma amafuna m'mimba muli kanthu. Mwana akamwa ndi njala amachita chizungulire kapena kusanza, ndipo tsiku lotsatira mphekesera imakhala itazungulira mudzi wonse. Dokotala amene anakhalapo pasukulu ya kumudzi tsiku logawa mankhwala amadziwa kuti phala ndi gawo la mankhwalawo.

Kumadzulo, kumalire ndi nkhalango, kuli kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera. Nkhotakota ndi Rumphi ndi maboma omwe amadziwika ndi matenda a kaodzera m'dziko muno. Poyamba kaodzera amafanana kwambiri ndi malungo: kutentha thupi, mutu, kufooka. Wogwira ntchito m'chipatala amene safunsa komwe wodwala amalima kapena kutola nkhuni akhoza kumubweza kangapo ndi panado, matendawo akulowera ku ubongo.

Funso limodzi lokha likhoza kupulumutsa munthu: bambo, munda wanu uli kuti?

CHAKA CHA KOLERA

Ngati alipo amene ankakayika za kufunika kwa phunziro la zaumoyo wa m'madera, chaka cha 2022 chinamuyankha.

Mu Marichi chaka chimenecho kolera anabuka ku Machinga, namondwe Ana atangodutsa kumene. Kale kolera ankabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula. Ulendo uno anapitirira m'chilimwe, n'kufika m'maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Nkhata Bay ndi Nkhotakota, kenako m'dziko lonse. Pa 5 Disembala 2022 boma linalengeza kuti zafika pangozi. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Sikunachitikepo kolera wamkulu chotero m'mbiri ya Malawi.

Madoko a asodzi anali pakati pa malo ovuta kwambiri. Msodzi amatsata nsomba, lero ali pano, sabata yamawa ali kwina. Sakumba chimbudzi pamalo pomwe akungodutsa. Ngakhale wokhazikika akakumba, mchenga umagumuka mvula ikangogwa. Nyanja imodzi yomweyo imakhala bafa, pochapira, chimbudzi ndi madzi akumwa.

Madiripi anapulumutsa anthu ambiri m'matenti a kolera. Koma chomwe chinathetsa mliriwo chinachitikira kunja kwa matenti: klorini m'ndowa, katemera wakumwa, mpondagiya pakhomo la chimbudzi, mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti kukambirana ndi anthu awo za kasungidwe ka maliro. Kampeni ya Tithetse Kolera, yomwe inakhazikitsidwa mu Febuluwale 2023, inali ntchito ya khomo ndi khomo.

Chaka chotsatira, kumapeto kwa Febuluwale 2024, madzi osefukira anawononga dera la Dwangwa, kumpoto kwa Liwaladzi. Anthu masauzande anasamukira m'misasa, msewu wa M5 unaduka. Mafunso oyamba a zaumoyo pamsasa uliwonse anali akale omwe aja. Madzi akumwa achokera kuti? Zimbudzi zilipo zingati? Amene amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku, mankhwala awo apita ndi madzi kapena ali nawo?

Amene sanaphunzire kufunsa mafunso amenewa pamtendere sangawayambire pangozi.

MPHUNZITSI WA PANJINGA

Ku Liwaladzi kuli chipatala chaching'ono cha mpingo wa Anglican, chomwe chili pansi pa chipatala cha St Anne's cha ku Nkhotakota boma. Monga zipatala zina zazing'ono m'dziko muno, ntchito ya tsiku ndi tsiku pamalo otere imagwiridwa ndi anamwino, azamba ndi madokotala othandizira omwe amaphunzira m'sukulu ngati Malawi College of Health Sciences ndi sukulu za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo. Anthu onsewa kumudzi amangotchedwa adokotala.

Ngakhale mlangizi wa zaumoyo amatchedwa adokotala.

Ntchito ya alangizi ili ndi mbiri yaitali. Inayamba ndi anthu omwe ankalembedwa mongoyembekezera kuti azipereka katemera wa nthomba, kenako othandiza polimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Pambuyo pake boma linaisandutsa ntchito yokhazikika. Cholinga cha Unduna wa Zaumoyo ndi chakuti mlangizi mmodzi azisamalira anthu 1,000, ngakhale m'madera ambiri amasamalira ochuluka kuposa apo. Kuyambira 2008, alangizi a m'madera ovuta kufikako anaphunzitsidwa kuchiza ana malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba m'timakiliniki ta m'midzi.

Zotsatira zake zimaoneka m'mawerengero. Kafukufuku wa dziko lonse wa 1992 anapeza kuti ana 234 mwa 1,000 obadwa amoyo ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Kusintha kumeneku sikunabwere ndi makina akuluakulu. Kunabwera ndi katemera, maneti, Thanzi, kuyamwitsa mwakathithi, mankhwala oteteza mwana ku HIV ndi kuchilira kuchipatala.

Momwemonso, mu 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti Malawi wathana ndi matenda a maso a trachoma ngati vuto la dziko. Zinatheka ndi mankhwala ogawidwa m'midzi, maopaleshoni a zikope, kusamba kumaso ndi zimbudzi.

Koma kafukufuku yemweyo wa 2015 mpaka 2016 anapezanso kuti ana 37 mwa 100 ndi opinimbira. Kudera ngati lino, komwe kondowole ndiye nsima ya tsiku ndi tsiku ndipo nsomba yabwino imapita kumsika, nambala imeneyi ili ndi nkhope. Mwana amakhuta koma sakula. Mlangizi amadziwa nyumba yake, amadziwa mwezi womwe chakudya chimatha, amadziwa ngati m'banjamo mawu omaliza ndi a bambo, a agogo kapena a malume.

Pulofesa angaphunzitse wophunzira kuwerengera kuchuluka kwa matenda. Njira yolowera m'mudzi angamuphunzitse ndi mlangizi yekha.

CHIFUKWA CHIYANI KUPEWA KUMATSALIRA?

Aliyense amavomereza kuti kupewa kumaposa kuchiza. Mawuwa alembedwa pamakoma a zipatala. Koma ukayang'ana komwe kumapita ulemu, ndalama ndi anthu, nkhani imasintha.

Choyamba, kupewa sikuoneka. Dokotala akachita opaleshoni, banja lonse limabwera kudzathokoza. Mwana amene sanadwale chikuku chifukwa anabayidwa katemera sadziwa n'komwe kuti anapulumuka.

Chachiwiri, njira ya dokotala wachinyamata imamukokera kutauni. Akamaliza sukulu amakayamba ntchito yoyeserera m'zipatala zazikulu. Aphunzitsi omwe amawasirira ali komweko, maphunziro a ukatswiri ali komweko, sukulu za ana ake ndi magetsi zili komweko. Masiku aja a kumudzi amasanduka chikumbutso cha ubwana.

Chodabwitsa n'chakuti dokotala yemweyo akatumizidwa kuboma, posakhalitsa amapatsidwa udindo woyang'anira zaumoyo za anthu masauzande mazanamazana. Boma la Nkhotakota lokha linali ndi anthu oposa 390,000 pa kalembera wa 2018. Pamenepo amafunika kudziwa kugawa mafuta a ambulansi, kuwerenga malipoti a alangizi, kuzindikira mliri usanakule ndi kulankhula pabwalo la mfumu. Phunziro lomwe ankaliona ngati lopepuka ndilo limakhala ntchito yake ya tsiku ndi tsiku.

Chachitatu, mbali yaikulu ya ntchito yopewa matenda yakhala ikudalira thandizo lakunja: maneti, kupopera nyumba, katemera, mankhwala a likodzo. Mu 2025 boma la America litadula thandizo lake lambiri kumayiko osauka, zinaonekeratu kuti maziko amenewa ndi obwereka. Dziko lomwe ndalama zake ndi zochepa likufunika madokotala odziwa kuti kwacha imodzi ipulumutsa anthu ambiri ikaikidwa pati.

Pali zolimbikitsa. Sukulu ya udokotala inayambitsa maphunziro a ukatswiri wosamalira banja lonse, omwe amachitikira m'zipatala za kunja kwa mizinda ikuluikulu monga Mangochi ndi Nkhoma, kuti katswiri akulire komwe adzagwire ntchito. Inayambitsanso maphunziro apamwamba a zaumoyo wa anthu onse. Boma nalo linakhazikitsa ndondomeko ya zaumoyo wa m'madera ya 2017 mpaka 2022, yomwe inazindikira alangizi, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi mafumu ngati mbali ya chipatala.

CHOMWE CHIKUFUNIKA

Ophunzira udokotala ndi unamwino akuchuluka chaka ndi chaka, ndipo sukulu zophunzitsa zaumoyo zawonjezeka. Onsewa sangakwane m'midzi ya boma limodzi. Dziko likufunika makalasi ambiri a kumudzi, ndipo gombe la Nkhotakota lili ndi zonse zomwe kalasi yotere imafuna: nyanja, dambo, nkhalango, minda ya nzimbe ya ku Dwangwa yokoka antchito ochokera kutali, chipatala cha boma ndi zipatala za mpingo.

Koma kubweretsa ophunzira kumudzi kuli ndi malamulo ake. Anthu atopa ndi alendo obwera ndi mapepala, kufunsa mafunso n'kupita osabweranso. Wophunzira akayeza mudzi, zomwe wapeza azibweze pabwalo, pamaso pa amfumu ndi komiti ya zaumoyo, m'chilankhulo chomwe anthu amamva, kaya Chichewa kaya Chitonga. Gulu lotsatira lidzayambire pomwe anzawo analekezera. Mjigo womwe unalembedwa kuti ndi wakufa chaka chino usadzalembedwenso chimodzimodzi chaka chamawa.

Mlangizi amene akuyenda ndi ophunzirawo azindikiridwe ngati mphunzitsi, alandire kenakake pantchitoyo, ndipo mawu ake awerengedwe pamayeso. Ana a m'madera ngati Liwaladzi nawonso alimbikitsidwe kulowa sukulu zimenezi, chifukwa munthu amene anakulira pagombe safunika kuuzidwa chifukwa chake chimbudzi chimagwa mumchenga.

Zipatala zazikulu zikufunika, akatswiri a opaleshoni akufunika, ndipo palibe akutsutsa zimenezo. Koma mawodi a Gulupu ndi Kamuzu Central amadzaza ndi matenda omwe anayambira kutali, pachitsime, padoko, m'munda ndi pamphika. Dokotala amene sanafikeko kumeneko adzachiza mwana mmodzi yemweyo malungo kanayi pachaka, n'kumadabwa kuti akubwereranji.

Oyambitsa College of Medicine anaziona zimenezi mu 1991. Ntchito yatsala kwa Unduna wa Zaumoyo, Kamuzu University of Health Sciences, CHAM ndi makhonsolo ndi kuonetsetsa kuti aliyense wovala gauni loyera m'dziko muno anayambapo wayenda mtunda umene wodwala wake amayenda.